Tijambule ndi Ovomera Omwe: Ubwino wa Maikolofoni ya Riboni

Aliyense amene adatumidwapo kukatolera nyimbo za makolo kuti adzazilembe ndi kuzisanthula m'kalasi akulidziwa vuto limene ndikufuna kukamba m'nkhani ino. Umapita kumudzi, anthu amakulandira bwino, amakuimbira mpaka dzuwa kupendeka, iwe n'kubwerera kusukulu mtima uli m'malo. Ukakhala pansi kuti uyambe kulemba, mawu a woyambitsa nyimbo amamveka bwinobwino, koma a ovomera amangoti ng'ung'ung'u ngati njuchi zili m'mphako. Umabwereza kasanu, kakhumi, osatolapo kanthu. Mapeto ake umalemba theka la nyimbo, theka linalo n'kuikapo timadontho, kapena, poti tinene zoona, umangopeka.

Zimenezi zidandichitikira ineyo. Kwathu ndi ku Likangala m'boma la Zomba, kumene mtsinje wa Likangala umathera ulendo wake wochokera kuphiri la Zomba n'kuthira m'nyanja ya Chilwa. Pa tchuthi china ndidasonkhanitsa amayi asanu ndi anayi olima mpunga kusikimu, pamodzi ndi agogo anga aakazi, kuti andiimbire nyimbo zimene ankaimba kale posinja ndi popuntha mpunga. Foni ndidaiika pa mtondo wovundikira patsogolo pa agogo popeza ndiwo ankayambitsa. Iwo ankayambitsa m'Chilomwe, amayi aja n'kumavomera mosakaniza Chilomwe ndi Chichewa, ndipo kangapo konse anthu oonerera adafa nalo phwete atamva zimene ovomerawo adayankha. Nditabwerera kusukulu ndidapeza kuti ndanyamula mafunso a agogo okhaokha, mayankho ndidawasiya kumudzi. Chimene chinkaseketsa anthu chija sichikumveka. Chaka chotsatira agogowo adatisiya.

Kwa nthawi yaitali ndinkaimba mlandu foni. Pano ndikuona kuti cholakwa chachikulu chidali m'mutu mwangamu. Ndidapita kumudzi ndi maganizo akuti m'nyimbo muli woimba mmodzi, enawo ndi othandizira chabe, ndipo zida zimene tidazolowera kujambulira zidapangidwanso ndi maganizo omwewo. Koma nyimbo zathu zambiri n'zokambirana. Wina amaponya mawu, gulu limawakha n'kubweza, ndipo kawirikawiri mbola ya nyimbo imakhala m'kubwezako. Pa chifukwa chimenechi ndikunena kuti ife ophunzira zinenero, pamodzi ndi aphunzitsi athu, tiyenera kuphunzira kugwiritsa ntchito maikolofoni ya riboni, ngakhale kuti ndi yosachedwa kuwonongeka ndiponso ambiri amaiyesa chida cha masitudiyo a kunja.

Tisanapite patali, ndi bwino tisiyanitse zidazi. Maikolofoni imene timaiona kutchalitchi, kuukwati ndi kumisonkhano ya ndale ndi ya mtundu wa dynamic. Ndi yolimba, imagwa pansi n'kudzuka ili bwinobwino, ndipo yambiri idapangidwa kuti izimva za kutsogolo kokha, za kumbuyo izizikana. Pa msonkhano zimenezi n'zothandiza chifukwa siitola mawu a zokuzira mawu n'kuyamba kulira kosautsa kuja. Koma ukailozetsa kwa woyambitsa nyimbo, ovomera amene ayang'anizana naye amakhala ali kumsana kwake, kumene siimva. Ya mtundu wa condenser ndi imene yadzaza m'masitudiyo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Imamva ngakhale kupuma kwa munthu, koma yotchipa imanola mawu okwera mpaka kulasa m'khutu. Za foni nazo n'zina. Mafoni ambiri adapangidwa kuti azisankha mawu a munthu amene ali pafupi, zotsalazo n'kuzitenga ngati phokoso lofunika kulichepetsa, ndipo ng'oma ikangolira, foni imatsitsa yokha mphamvu ya mawu onse. Amayi asanu ndi anayi aja foni yanga idawayesa phokoso.

Maikolofoni ya riboni imagwira ntchito mwa njira yosavuta kumvetsa. M'kati mwake muli kachitsulo ka aluminiyamu kopyapyala kwambiri, kopindapinda ngati malata, kolendewera pakati pa maginito. Tsitsi la munthu limanenepa kuposa kachitsuloka maulendo oposa 20. Mawu akafika, kachitsuloka kamagwedezeka, ndipo kugwedezekako pakati pa maginito kumatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa imene imanyamula mawuwo. Luso limeneli adaliyamba Walter Schottky ndi Erwin Gerlach ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya RCA ku America idatulutsa mtundu wotchuka wa RCA 44, ndipo wailesi ya BBC idakhalanso ndi wakewake m'zaka zomwezo. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a BBC adakonza ina imene masiku ano imadziwika kuti Coles 4038, ndipo ikupangidwabe. Pambuyo pake maikolofoni a riboni adatayidwa kunkhongo kwa zaka zambiri, mpaka pamene kampani ya Royer idatulutsa R-121 mu 1998 ndipo ojambula nyimbo adayambanso kuwafuna.

Chimene chikutikhudza ife m'mbiri imeneyi ndi ichi: popeza kachitsulo kaja kali poyera kutsogolo ndi kumbuyo komwe, maikolofoni ya riboni imamva mbali ziwirizo mofanana, koma m'mbali mwake, kumanja ndi kumanzere, ndi yogontha. Akajambula papepala dera limene imamva, chithunzi chake chimafanana ndi nambala 8. N'chifukwa chake ochita masewero a pawailesi m'masiku amenewo ankaima moyang'anizana, wina uku wina uko, maikolofoni ili pakati pawo, n'kumayankhana akuonana nkhope. Kodi mmenemu si mmene amayi a ku Likangala amaimbira? Mukaimika riboni pakati, woyambitsa akhale kutsogolo kwake, ovomera aunjikane kumbuyo kwake. Woyambitsa, poti ali yekha, asendere pafupi pang'ono. Ovomera, poti ndi ambiri, afutuke pang'ono. Mukatero mbali ziwiri za nyimbo zimalowa zonse, ndipo oimbawo sasiya kuyang'anana. Amene adaonererapo amayi akuimba akudziwa kuti kuyang'ananako n'kofunika: woyambitsa amasintha mawu malinga ndi nkhope za anzake, amagemula wina ndi diso, ndipo ovomera amadziwira pakamwa pake nthawi yolowera. Mukawandandalika pamzere ngati kwaya ya pasukulu kuti onse ayang'ane maikolofoni imodzi yomva kutsogolo, mwawasinthira kaimbidwe.

Kugontha kwa m'mbali kuja n'kothandizanso zedi. Mdani wamkulu wa wolemba mawu a nyimbo ndi ng'oma, chifukwa imameza chilichonse. Ambirife timauza wang'oma kuti aimbe pang'onopang'ono, iye n'kuvomera ndi mutu, koma nyimbo ikangokoma amaiwala pangano, ndipo sitingamudzudzule. Ndi riboni simufunika kumuchonderera. Mumangomukhazika cha kumbali, kumene maikolofoni siimva. Ng'omayo imamvekabe chifukwa mawu ake amagunda zipupa n'kubwerera, koma siiphimbanso anthu. Mtondo ndi munsi muchite nazo chimodzimodzi, ndipo ngati chapafupi pali chigayo kapena jenereta, tembenuzani maikolofoni kuti mbali yogonthayo iloze komweko. Gulu likakhala lalikulu moti lazungulira, pali njira imene Alan Blumlein wa ku Britain adaifotokoza mu 1931, yosanjikiza maikolofoni awiri otere mopingasa kuti amve mbali zonse zinayi. Pamenepo wang'oma alibenso pobisala, ndiye muyenera kungomutalikitsa.

Wina angafunse kuti: nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi maphunziro a zinenero? Yankho lake n'lakuti mawu a m'nyimbo samveka paokha. Tikamalankhula, kukweza kapena kutsitsa liwu kumatithandiza kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. M'nyimbo chuni chimatha kuphimba kusiyana kumeneku, ndipo chimene chimatiuza tanthauzo ndi mawu oyandikana nawo, makamaka yankho la ovomera. Kuwonjezera apo, kudera la Chilwa Anyanja, Ayao ndi Alomwe akhala akukwatirana ndi kugwirira ntchito pamodzi kwa mibadwo ingapo, moti nyimbo imodzi imatha kuyamba m'chinenero china n'kuvomeredwa m'china. Wofufuza za kusakanikirana kwa zinenero, kapena za mmene Chilomwe chikuchepera pakamwa pa achinyamata, umboni wake uli pamalo pomwe mawu a woyambitsa akumana ndi a ovomera. Tikajambula mbali imodzi, tataya chimene tidapitira.

Pa kamvekedwe sindichulutsa gaga m'diwa. Riboni imafewetsa mawu okwera. Nthungululu, wezulo, maseche ndi kuwomba m'manja, zimene pa condenser yotchipa zimakuchititsa kuvula zomvera m'khutu, pa riboni zimamveka monga mmene khutu limazimvera pabwalo. Kwa munthu amene amvetsere nyimbo imodzi maulendo makumi atatu kuti alembe liwu lililonse, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Tisaganize kuti nkhani yosankha poika maikolofoni yayamba lero m'dziko muno. Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo, ndipo ankadziwika ndi luso logwira maikolofoni imodzi m'manja n'kumaisendeza kwa woimba uyu, kenako kwa uyo, kenako kuchida, nyimbo ili m'kati. Zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, malo amene adawakhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ali ku Rhodes University ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, ndipo ntchito imene adagwira pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi ku Chileka yasunga nyimbo zambiri zimene bwenzi zitapita ndi eni ake. Pafupi nafe pompano, mu 2013 Ian Brennan adajambula akaidi ndi asilikali a kundende ya Zomba, ndipo chimbale chake chidapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Onsewa akutiphunzitsa kuti nyimbo yabwino siidikira situdiyo. Koma pa njira ya Tracey ndili ndi kakwanga. Dzanja lake ndi limene linkagamula kuti amveke ndani pa mphindi iliyonse, ndipo dzanjalo lidali la mlendo, ngakhale adali wa khutu lakuthwa. Maikolofoni yoima malo amodzi, yomva uku ndi uku, imasiyira oimba eni ake kuti agawane mpata monga amachitira masiku onse. Ine ndi mwana wa komweko, komabe foni yanga ndidailozetsa kwa agogo chifukwa ndidagamula ndekha kuti ofunika ndi iwo.

Tsopano tiyeni tiwamve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Yoyamba ndi yakuti riboni ndi dzira. N'zoona. Mawu okwera kwambiri siwaopa, chimene imaopa ndi mphepo. Mpweya wamphamvu ukawomba kachitsulo kaja kamatamuka kapena kuduka, ndipo kuti kalowe kena pamafunika mmisiri amene kuno n'ngosowa. Ndidaona ndi maso anga mmene zimachitikira. Mnzanga wina woimba adabwereka riboni yotchipa kwa mwini situdiyo ina kuti akajambule kwaya ya kwawo. Asanayambe, mkulu wina wa mpingo adaiyandikira, n'kuigogoda ndi chala, kenako n'kuuziramo mpweya kawiri monga timachitira tonse pa maliro ndi paukwati pofuna kudziwa ngati chida chayaka. Basi, idathera pomwepo. Kuchokera apo inkangomveka ngati munthu wolankhulira m'mtsuko. Choncho lamulo loyamba ndi la pakamwa: muuze aliyense, kuyambira amfumu mpaka ana, kuti chida ichi sachiuzira, ndipo mukamayenda nacho muzichivindikira ndi kathumba. Kathumbako kamatchinganso fumbi, popeza maginito ake ndi amphamvu ndipo amakoka tizitsulo tosaoneka ndi maso timene timakakamira pafupi ndi riboniyo. Posunga muziiimika chilili m'bokosi lake, chifukwa kachitsuloko kakagona chammbali kwa nthawi yaitali kakhoza kulendewera. Woimbanso asaiyandikire mpaka kuipumira. Atalikire ngati kutalika kwa mkono, apo ayi mawu ake amanenepa mopitirira.

Nanga mphepo ya kunyanja? Amene adakhalapo ku Kachulu m'miyezi ya June ndi July akudziwa mmene mwera umawombera. Pagombe sipoika riboni, zimenezo tisakangane. Malo ake ndi m'nyumba. Apa ndipereke langizo limene ambiri sangaliyembekezere: nyumba yofolera ndi udzu imaposa tchalitchi cha malata. Popeza riboni imamva kutsogolo ndi kumbuyo, imatolanso kulira kwa chipinda. Malata ndi simenti zimabweza mawu mpaka kusokonekera, ndipo mvula ikagwa ntchito yaima. Denga la udzu ndi zipupa za dothi zimamwa mawu. Ngati chipinda chikulirabe, pachikani mphasa kapena mabulangete kuzipupa zimene zayang'anizana ndi maikolofoni. Zonsezi kwathu zilipo, sizifuna ndalama.

Mfundo yachiwiri ndi ya magetsi ndi zida zothandizira. Mphamvu imene riboni wamba imatulutsa ndi yochepa, choncho imafuna makina ojambulira okhala ndi preamp yabwino, yokweza mawu kwambiri popanda kuwonjezera kaphokoso ka siii. Mukailumikiza ku makina otchipa, nyimbo ya chida cha mawu otsika ngati nkangala kapena bangwe imamira m'kaphokosoko. Palinso ngozi ya mphamvu ya 48 volts yotchedwa phantom power, imene makina ambiri amatumiza ku maikolofoni a condenser. Riboni wamba siifuna mphamvu imeneyi, ndipo ngati waya ali wolumikizidwa molakwika, kapena mwazula ndi kulumikiza mphamvuyo ili yoyaka, riboni ikhoza kuwonongeka. Mawaya athu ambiri ndi owotcherera pamsika, ndiye chenjezo limeneli tisalitenge mopepuka. Masiku ano kuli mtundu wina wa riboni wotchedwa active, umene uli ndi kachipangizo kokweza mawu m'kati mwake. Umenewu umafuna phantom power kuti ugwire ntchito, suwonongeka nayo, ndipo umayenda bwino ndi makina ang'onoang'ono oyendera mabatire. Kwa wophunzira wopita kumudzi kopanda magetsi, ine ndingasankhe umenewu.

Yachitatu ndi mtengo. Coles 4038 ndi Royer R-121 iliyonse imaposa madola 1,000 a ku America, ndalama zimene wophunzira sangazilote. Koma alipo ena otchipa, osafika madola 200, ndipo pa ntchito yathu yomva mawu a nyimbo ndi okwanira. Pogula muonetsetse zinthu ziwiri: kuti imamvadi mbali zonse ziwiri, chifukwa ena monga Beyerdynamic M160 adapangidwa kuti azimva kutsogolo kokha, ndiponso kuti kachitsulo kake kakhoza kusinthidwa. Sindikunena kuti wophunzira aliyense agule yake. Dipatimenti itakhala ndi awiri, pamodzi ndi makina amodzi ojambulira, n'kumabwereketsa kwa okhawo amene aphunzitsidwa kasamalidwe kake, zingakwane. Timaphunzitsidwa kulemba mafunso a kafukufuku ndi kupempha chilolezo kwa mafumu, zimene n'zofunikadi, koma za poimika maikolofoni ambirife timangoziphunzirira pa zolakwa, ndipo zolakwa zina sizibwezeka.

Mfundo imene imandivuta kuyankha ndi yachinayi. Otsutsa amati ukalowetsa nyimbo m'nyumba waichotsa pamalo pake. Tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014, savinidwa m'chipinda. Amafuna bwalo, fumbi ndi khamu. Nyimbo za asodzi zimaimbidwa m'bwato, poponda ndi nsungwi kapena pokoka khoka, ndipo kayendedwe kake kamachokera m'ntchitoyo. Apa ndikuvomera. Kumeneko pitani ndi dynamic yovekedwa chotchinga mphepo, kapena foni yomweyo, mujambule chithunzi chonse. Koma tsiku lotsatira itanani woyambitsa ndi ovomera angapo m'nyumba, muwakhazike moyang'anizana, aimbenso nyimbo zomwezo pa riboni kuti mupeze mawu ake. Zojambula ziwirizi zimathandizana: china chikusunga mwambo, china chikusunga chinenero. Nyimbo za pamtondo, zotonthoza mwana, za m'nthano ndi za kwaya sizivuta n'komwe, chifukwa mtondo umalowa m'nyumba ndipo nthano kwawo ndi m'nyumba kale.

Chimene chikundifulumizitsa ndi nyanja yomweyo. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidasanduka dothi long'ambikang'ambika, mabwato ali gonegone pamtunda. Idalembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo akatswiri akhala akuwerenga mbalame, matemba ndi milamba yake. Koma nyanja ikaphwa si nsomba zokha zimene zimasowa. Asodzi amabalalika, ena ku Malombe, ena ku Mozambique, ena m'tauni, ndipo gulu limene linkaimbira pamodzi silikumananso lonse. Madzi akachuluka, monga zidachitikira pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, anthu amasamukanso. Woyambitsa nyimbo ukhoza kumulondola n'kumupeza kumene adapita. Ovomera ndi gulu, ndipo gulu likamwazika sungalisonkhanitse ndi foni.

Mwa amayi asanu ndi anayi aja, anayi akadali kusikimu. Ndapangana nawo kuti akatha kukolola tidzakumane m'nyumba yaudzu ya amalume, ndipo riboni ndapeza kale kobwereka, pamodzi ndi kathumba kake. Mayankho a nyimbo zija akuti akuwakumbukira onse. Chovuta tsopano ndi woyambitsa, popeza palibe mwa iwo amene Chilomwe chake chikufika pa cha agogo. Mmodzi wandiuza kuti pachilumba cha Chisi pali mayi wina wachikulire amene adavinidwa pamodzi ndi agogowo. Akapanda kupezeka, ndidzaika foni ija kutsogolo kwa maikolofoni kuti agogo ayambitse okha, amayiwo avomere kumbuyo kwake.